Amene anatimangira cluster akuchoka ntchito, otsalawa ndiwakonzekeretse bwanji?

Funso: Ndine mkulu wa nthambi ya makompyuta pa bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Lilongwe. Chaka chatha tinasiya VMware, pulogalamu yoyendetsera ma VM (makompyuta ongoyerekezera okhala mkati mwa seva), chifukwa mtengo wa laisensi unatikulira, n'kusamukira ku Proxmox VE, yogwira ntchito yomweyo, ndi Ceph, yosunga data pa madisiki a maseva onse pamodzi. Tili ndi cluster, ndiye kuti gulu la maseva 4 ogwira ntchito limodzi, iliyonse ili ndi madisiki 4 a 4 TB, ndipo ma VM onse a bungwe, kuphatikizapo osunga ziwerengero za ndalama za mamembala, ali pamenepo. Vuto n'lakuti mnzathu amene anamanga zonsezi wapeza ntchito ku Johannesburg, ndipo watsala nafe miyezi itatu yokha. Otsala ndi achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, anzeru ndithu, koma Ceph sanaikhudzepo kupatula kuyang'ana pa sikirini ngati pali pobiriwira. Mabwana avomera kulipira kosi imodzi. Ndiwatumize kosi iti? Nanga miyezi itatu ikwana? Kunena zoona, tulo sitikubwera. Mayi N., Lilongwe.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo khazikani mtima pansi. Miyezi itatu ndi mwayi, anzanu ena amauzidwa Lachisanu kuti katswiri wawo sabweranso Lolemba. Ngati achinyamata anuwo Linux akuidziwa kale bwino, nthawi imeneyi ikwana kuti afike poyendetsa cluster tsiku ndi tsiku, kusintha disiki yakufa, kuzimitsa ndi kuyatsa zonse magetsi akavuta, komanso kubweza VM kuchokera ku backup. Siikwana kuwasandutsa anthu otha kupulumutsa data mu cluster yoti yaphwasuka kale. Luso limenelo limatenga zaka, ndipo bungwe ngati lanu lingofunika kudziwa kokalipeza likafunika.

Musadziimbenso mlandu kuti mwina munasankha zinthu zosadziwika. Kuyambira pamene Broadcom inamaliza kugula VMware mu November 2023 n'kusiya kugulitsa malaisensi ogula kamodzi, mabungwe ambiri padziko lonse ayenda njira yomweyi. Proxmox VE imapangidwa ndi kampani ya ku Vienna ndipo yakhalapo kuyambira 2008. Ceph inayamba ngati kafukufuku wa Sage Weil pa University of California, Santa Cruz, inafotokozedwa poyera mu 2006, ndipo ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, akhala akusungirapo data kuyambira 2013. Ndiye kuti pafupifupi vuto lililonse limene achinyamata anu adzakumane nalo, wina anakumana nalo kale ndipo analemba mmene analithetsera.

Ndalama ya kosiyo musaibweze, koma musaigwiritse ntchito mwezi woyamba. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa anthu ntchito imeneyi, ndaona kuti wopita kukosi asanagwirepo cluster ndi manja ake amabwerako ndi setifiketi ndi mawu ambiri atsopano, koma disiki ikafa usiku amaimbirabe foni yemwe uja. Wopita atavutika kale ndi cluster kwa milungu ingapo amakhala ndi mafunso akeake, ndipo mphunzitsi amamupindulira. Choyamba tsono n'kumanga cluster yophunzirira, yoti angathe kuiwononga popanda wina kulira.

Sizilira ndalama zambiri. Seva imodzi yakale, kapena kompyuta yamphamvu yokhala ndi RAM ya 64 GB, ikhoza kunyamula ma VM anayi, iliyonse n'kuikamo Proxmox ndi timadisiki tating'ono tinayi, kuti ifanane ndi yeniyeni ija. Ngati musitolo muli makompyuta akale atatu kapena anayi ndi switch yongokhala, ndiye bwino koposa, chifukwa kuzula chingwe chenicheni kumaphunzitsa zimene kudina batani pa sikirini sikungaphunzitse. Chachikulu n'chakuti Proxmox ndi Ceph zikhale za mtundu womwewo umene uli pa maseva a ntchito. Amange okha achinyamatawo kuyambira pa makina opanda kanthu, mnzanu wochokayo atapinda manja. Akamaliza aigwetse n'kumanganso, mtsikana payekha, mnyamata payekha.

Akumanga choncho aphunzire mmene Ceph imaganizira, chifukwa sikirini ya Proxmox imabisa zambiri. Disiki iliyonse ili ndi pulogalamu yake yoiyang'anira yotchedwa OSD, choncho inu muli ndi ma OSD 16. Ma MON, amene nthawi zambiri amakhala atatu, amasunga mapu a cluster yonse, ndipo amagwira ntchito pokhapokha oposa theka akamvana. Data imadulidwa tizidutswa, tizidutswato timaikidwa m'magulu otchedwa PG, ndipo njira yowerengera yotchedwa CRUSH ndi imene imanena kuti gulu lililonse likhale pa madisiki ati. Mwa chizolowezi chilichonse chimasungidwa katatu pa maseva atatu osiyana, ndipo kulemba kumapitirira malinga ngati makope awiri alipo. Ndi zimene adzaone zitalembedwa kuti size 3 ndi min_size 2. Mayeso anga pa gawo limeneli ndi a pepala ndi cholembera basi. Ndimafunsa kuti VM ikalemba kanthu, chimachitika n'chiyani mpaka iuzidwe kuti zalembedwa? Yankho n'lakuti zimapita ku OSD yotsogolera gululo, iyo imatumiza kwa zinzake ziwiri, ndipo VM imayankhidwa zonse zitatu zikatsimikiza. Amene wamvetsa zimenezi sadabwa kuti disiki imodzi yodwala, yosafa koma yochedwa, ikuchedwetsa bungwe lonse, ndipo amadziwa kokayang'ana.

Cluster yophunzirira ikaima, ntchito ya mnzanu wochokayo ikhale yowononga. M'mawa uliwonse awonongemo kanthu mwakachetechete, achinyamatawo apeze okha chimene chavuta. Lero wazimitsa OSD imodzi, mawa wazula chingwe cha netiweki, mkuja wasokoneza wotchi ya seva imodzi, tsiku lina wadzaza disiki. Aziyamba nthawi zonse ndi ma command omwewo: ceph -s, kenako ceph health detail, kenako ceph osd tree ndi ceph osd df. Asanakhudze chilichonse anene mokweza chimene akuganiza kuti chachitika, ndi chimene akuyembekeza kuona akachita zimene akufuna kuchitazo.

Phunziro lovuta kuposa onse, ndipo ndi limene ndikufuna mulilondole nokha mayi, ndi kudikira. Ceph inapangidwa kuti izidzichiza yokha. Disiki ikafa imalembedwa kaye kuti down, ndipo cluster imadikira masekondi 600, mphindi 10, kuona ngati ibwerenso. Ikapanda kubwera imalembedwa kuti out, ndipo makope amene anali pamenepo amayamba kupangidwanso pa madisiki ena. Nthawi yonseyi sikirini imakhala yachikasu, manambala akuthamanga, ma VM akuchedwerako, foni yochokera kwa bwana ikulira. Munthu wosazolowera amamva kuti ayenera kuchitapo kanthu, ndipo apa ndi pamene data imatayika. Ma cluster ambiri amene ndaitanidwa kukawaona atafika poipa anapirira bwinobwino disiki yoyamba ija. Chinawapha ndi zimene munthu anachita pa ola lotsatira: kuyambitsanso maseva onse nthawi imodzi, kuchotsa OSD yachiwiri cluster isanamalize kudzichiza, kufufuta disiki yooneka yakufa imene inali ndi kope lomaliza labwino, kapena kutsitsa min_size kufika pa 1 kuti ma VM adzuke msanga. Chomalizachi chimakopa kwambiri chifukwa chimagwira ntchito nthawi yomweyo, bwana n'kukuyamikira. Koma kuyambira pamenepo zolemba zatsopano zikhoza kukhala pa disiki imodzi yokha, ndipo nayo ikafa palibe kokazitenga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho mu cluster yophunzirira muzule disiki, muwakhazike pansi manja ali pamiyendo, aonerere mpaka ma PG onse abwerere pa active+clean, kutanthauza kuti makope onse alipo. Aone kangapo, mpaka mtima usiye kugunda akaona chikasu.

Aphunzirenso kufunsa Ceph yeniyeniyo asanachite kanthu. Pali ceph osd ok-to-stop, imene imakuuza ngati kuzimitsa OSD yakuti sikuimitsa ntchito, ndi ceph osd safe-to-destroy, imene imakuuza ngati kuchotseratu disikiyo sikutayitsa kope lofunika. Pali noout, chizindikiro chimene umaika usanazimitse seva mwadala kuti cluster isayambe kusamutsa data pachabe. Vuto lake anthu amaiwala kuchichotsa, ndiye disiki ikadzafa zenizeni cluster imangoiyang'ana. Ndipo akaona command imene ikufuna kuti alembe --yes-i-really-really-mean-it, monga yofufuta pool yonse, chigawo cha Ceph mmene madisiki a ma VM amasungidwa, adziwe kuti amene anaika mawu amenewo ankadziwa chimene akutchinga. Lamulo langa n'lakuti command yofufuta kanthu isalembedwe ndi munthu ali yekha. Wina alembe, wina awerenge, kenako adine Enter.

Tiwerengeko za cluster yanu, chifukwa masamu awa achinyamatawo ayenera kuwadziwa pamtima. Madisiki 16 a 4 TB ndi 64 TB. Kugawa patatu chifukwa cha makope atatu aja, mutsala ndi 21 TB ndi pang'ono. Mabwana akamva 21 amaganiza kuti ndi malo oti adzaze, koma ayi. Seva imodzi ikafa mutsala ndi 48 TB, ndipo data yonse iyenera kukwana m'menemo katatu. Ceph imayamba kuchenjeza disiki ikafika pa 85 peresenti, pa 90 imakana kusamutsira data pa disikiyo, pa 95 imasiya kulandira zolemba ndipo ma VM amangouma. Mukatenga 85 peresenti ya 48 n'kugawa patatu mupeza 13.6 TB. Umenewo ndiye mlingo wanu weniweni, ndipo ine ndingayambe kupempha ndalama za madisiki mukangodutsa 11 kapena 12, poti madisiki sadzaza mofanana, ndipo imodzi yokha ikafika pa 95 ikwana kuimitsa ntchito. Mukudziwa nokha kuti kuno kuitanitsa disiki kuchokera kunja kumatenga milungu, ndalama zakunja zikavuta ndiye miyezi imene. Pashelefu pazikhala madisiki awiri atsopano a mtundu womwewo, ndipo akhale opangidwira maseva, okhala ndi chitetezo choti magetsi akathima mwadzidzidzi amalize kulemba zimene anali atalandira. Ma SSD otchipa a m'malaputopu amaoneka othamanga poyamba, koma pa Ceph amachedwa ndipo amatha msanga.

Pali china chimene chimasokoneza ngakhale anthu azaka pantchito. M'makina anuwo muli ma cluster awiri. Ceph ili ndi mavoti ake a ma MON, Proxmox nayo ili ndi ake kudzera mu pulogalamu yotchedwa Corosync, ndipo awiriwa sadziwana. Pa maseva 4, Proxmox imafuna atatu akhale moyo kuti ichite chilichonse. Ndiye kuti mukazimitsa imodzi kuti muikonze, ina n'kuvuta mwangozi, otsala awiriwo sangayatse VM, ndipo seva imene ikunyamula ma VM a HA, aja oti aziyatsidwa okha pa seva ina yawo ikafa, ikataya mavoti imadziyambitsanso yokha pakatha pafupifupi mphindi imodzi. Inapangidwa dala choncho kuti VM imodzi isayende pamalo awiri n'kuipitsa disiki yake, koma wosadziwa amangoona maseva akuzima popanda wowakhudza. Corosync imafuna netiweki yosachedwa ngakhale pang'ono. Ikamayenda chingwe chimodzi ndi Ceph, tsiku limene Ceph ikusamutsa data yambiri Corosync imasowa mpata, maseva n'kuyamba kudziyambitsanso pa nthawi yoipitsitsa. Mnzanuyo asanachoke mumufunse ngati Corosync ili ndi chingwe chakechake ndi china chodalira choyambacho chikavuta, komanso ngati pali voti yachisanu, ngakhale ya kakompyuta kakang'ono kogwira ntchito ya QDevice, yongoponya voti basi. Ngati yankho ndi ayi, akonze akadalipo, achinyamata akuona.

Za magetsi sindingazilumphe, poti kwathu kuno ndi mayeso obwera osaitanidwa. Makosi ambiri akunja amangodutsa pa nkhani yozimitsa cluster yonse chifukwa kwawoko sizichitika kawirikawiri. Inu zidzakuchitikirani: jenereta yakana kulira, mafuta atha, mabatire a UPS akalamba. Achinyamata anu adziwe kuti UPS imawapatsa mphindi zingati zenizeni, zoyesedwa ndi wotchi, osati zolembedwa pakatoni, ndipo adziwe kuzimitsa mwadongosolo mkati mwa mphindi zimenezo: ma VM kaye, kenako kuika noout, kenako maseva. Poyatsa ayambe ndi ma switch, maseva atsatire, adikire mpaka ma MON amvane ndi ma PG akhale bwino, achotse noout, ndiyeno ma VM motsatana, DNS, imene imathandiza makina kupezana ndi mayina, ndi database patsogolo. Onetsetsani kuti ma switch nawo ali pa UPS. Ndaonapo maseva ali moyo bwinobwino pa batire koma osalankhulana, chifukwa switch inalumikizidwa kukhoma. Wotchi nayonso imavutitsa. Ma MON amadandaula akangosiyana kupitirira masekondi 0.05, ndipo seva yakale imene kabatire kake ka pa bolodi kanatha imadzuka ndi tsiku lolakwika. Aphunzire kuona chrony, pulogalamu yogwirizanitsa mawotchi, asanayambe kukayikira zina.

Apa pali msampha umene ndimaupeza pafupifupi paliponse. Malangizo a momwe angadzutsire cluster amasungidwa pa VM imene ili mu cluster yomweyo. Mapasiwedi chimodzimodzi, DNS chimodzimodzi, nthawi zina ngakhale intaneti ya ofesi imadutsa pa VM. Zonse zikazima, palibe chotsegulira. Malangizowo asindikizidwe papepala, akhale mu fayilo m'chipinda cha maseva, pamodzi ndi manambala a IP a seva iliyonse, chithunzi cha mmene zingwe zayendera, ndi mndandanda wonena kuti OSD nambala yakuti ndi disiki ya pabowo liti. Chomalizachi chimaoneka chachibwana mpaka tsiku limene wina wazula disiki yamoyo m'malo mwa yakufa. Mapasiwedi akuluakulu akhale mu enivelopu yomata, yokhomeredwa pamalo amene inu ndi bwana wamkulu mukudziwa. Ndipo olemba malangizowo akhale achinyamatawo. Katswiri akalemba amalumpha masitepe amene kwa iye ndi odziwikiratu. Wophunzira akalemba, mnzake n'kuyesa kutsatira liwu ndi liwu mu cluster yophunzirira, mipata yonse imaonekera.

Mwina mabwana anu amakhulupirira kuti poti chilichonse chili katatu ndiye kuti backup ilipo. Muwauze kuti ayi. Munthu akafufuta VM molakwitsa, Ceph imaifufuta katatu mokhulupirika, ndipo ransomware ikalowa n'kutseka mafayilo, makope onse atatu amatsekeka limodzi. Ma snapshot, zithunzi za mmene VM inalili pa nthawi inayake, nawo amakhala mu cluster yomweyo. Pafunika makina apadera osadalira Ceph, monga Proxmox Backup Server, ndi kope lina kunyumba ina kutali ndi ofesi. Pa 31 January 2017 wogwira ntchito wa kampani ya mapulogalamu ya GitLab anafufuta mwangozi data pa seva yaikulu ya database akuganiza kuti ali pa yachiwiri, ndipo atathamangira ku ma backup anapeza kuti njira zimene ankadalira sizinkagwira ntchito. Anataya data ya maola pafupifupi 6. Anali akatswiri, ndipo anafotokoza poyera zonse zimene zinachitika. Achinyamata anu awerenge nkhani imeneyo, kenako mwezi uliwonse azibweza VM imodzi yofunika kuchokera ku backup, aiyatse pambali, a ku akaunti atsimikize kuti ziwerengero zake n'zoona, ndipo alembe kuti zatenga nthawi yaitali bwanji. Nambala imeneyo ndi imene mudzauze mabwana tsiku loipa akadzafunsa kuti tidzuka liti. Kuchokera pa nkhani yomweyo, mtundu wa sikirini ya maseva a ntchito ukhale wosiyana ndi wa ophunzirira, kuti munthu wotopa asasokoneze.

Kulowa pa cluster yeniyeni kukhale kwapang'onopang'ono. Kuyambira sabata yoyamba apatsidwe akaunti yongoona, mu Proxmox muli udindo wotchedwa PVEAuditor wochitira zimenezi, ndipo m'mawa uliwonse mmodzi aziyang'ana thanzi la cluster, kudzaza kwa madisiki, zimene pulogalamu yoyeza madisiki ya smartctl ikunena za kutha kwa ma SSD, ndi ngati backup ya usiku yadutsa, n'kulemba mizere iwiri itatu. Akatero kwa milungu ingapo amadziwa mmene cluster yawo imaonekera ikakhala bwino, ndipo chachilendo amachiona msanga. Mwezi wachiwiri azigwira ntchito zenizeni mnzanuyo ataima kumbuyo. Mwezi wachitatu wochokayo asakhudzenso kiyibodi ngakhale pang'ono, ndipo ngati n'kotheka mumupatse tchuthi cha sabata imodzi pakati pa mweziwo, kuti muone zimene zikusowa akadali woti mungamuitane. Anthu aluso zimawavuta kuonerera wina akuchedwa pa chinthu chimene iwo angachite m'mphindi ziwiri, ndiye mudzafunika kumugwira dzanja inuyo. Musalolenso kuti mmodzi mwa awiriwo akhale "wa Ceph" winayo n'kumangokonza maprinta. Zimachitika zokha popanda wozikonza, kawirikawiri wolankhula kwambiri ndi amene amatenga kiyibodi, ndipo pakatha chaka mudzandilemberanso kalata yomweyi.

Machenjezo azifika pafoni zawo, osadikira kuti wina atsegule sikirini. Ceph imatha kupereka ziwerengero zake ku Prometheus, pulogalamu yolondola makina ndi kuchenjeza, ndipo ngakhale imelo wamba yochokera ku Proxmox ndi poyambira. Chimene sindilola ndi HEALTH_WARN, chenjezo lachikasu lija, yokhala milungu anthu n'kuizolowera, chifukwa chenjezo latsopano limabisala kuseri kwa lakalelo.

Kukweza mapulogalamu ndingakonde kuti muchite kamodzi mnzanuyo asanapite. Ceph imatulutsa mtundu watsopano pafupifupi chaka chilichonse, Quincy mu 2022, Reef mu 2023, Squid mu 2024, ndipo uliwonse umasamalidwa kwa zaka pafupifupi ziwiri basi. Proxmox VE 8 inatuluka mu 2023, ya 9 mu 2025. Gulu limene silinakwezepo limachita mantha, limazengereza, mpaka limatsalira kutali moti kulumpha kwake kumakhala koopsa zenizeni. Ayese kaye pa yophunzirira potsatira malangizo a Proxmox mzere ndi mzere, kenako pa yeniyeni, ma MON kaye, ma MGR (mapulogalamu osonkhanitsa ziwerengero za Ceph), kenako ma OSD seva imodzi imodzi, kudikira cluster ichire asanapite pa yotsatira. Osati Lachisanu madzulo, osatinso kumapeto kwa mwezi pamene mamembala akubweza ngongole.

Kosi ija nthawi yake ndi cha m'sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi. Kampani ya Proxmox ndi makampani ogwirizana nayo amaphunzitsa, ndipo makosi ena amachitikira pa intaneti, zomwe zingakupulumutseni ndalama za ndege ndi malo ogona, mwinanso n'kukwanitsa kulipirira onse awiri. Musanalipire funsani ngati wophunzira aliyense apatsidwa cluster yakeyake, ngati pali nthawi yokonza zowonongeka kuwonjezera pa kumanga, komanso mtundu wa Ceph umene akuphunzitsira. Akayankha mozungulira, sakani kwina. Kwa wofuna pepala lodziwika, Linux Professional Institute ili ndi mayeso a LPIC-3 nambala 306 okhudza ma cluster ndi kusunga data, ndipo Ceph ilimo, ngakhale kuti setifiketi yake imafuna kuti ukhale ndi ya mlingo wotsikirapo, LPIC-2, kale. Koma ngati mwaona kuti pa Linux ndi netiweki akadali ofooka, sadziwa kuwerenga ma log a Linux ndi journalctl, za netiweki monga VLAN ndi MTU zimawazunguza mutu, ndalamayo ipite kumeneko kaye. Mavuto ambiri amene anthu amati ndi a Ceph, ndikawafufuza amapezeka kuti ndi a netiweki kapena a disiki. Mabwana ena amaopa kuti akawaphunzitsa athawa ngati mnzawoyu. Mwina adzapitadi, ndipo njira yake ndi kukambirana za malipiro ndi mgwirizano woti akhale nthawi yakuti akaphunzira. Kusawaphunzitsa sikuteteza ndalama za mamembala.

Muwauzenso momveka malire awo, ndipo muwatsimikizire kuti sadzadzudzulidwa chifukwa choitana thandizo. Aime n'kuimba foni akaona ma PG olembedwa incomplete kapena down, kapena uthenga wa unfound objects. Achite chimodzimodzi ma MON akalephera kumvana moti ngakhale ceph -s siyankha, madisiki a maseva osiyana akafa nthawi imodzi, ma OSD akamagwa ndi kudzuka mobwerezabwereza, cluster ikadzaza n'kusiya kulandira zolemba, kapena kukweza kukaima pakati. Pa zonsezi asafufute disiki iliyonse, ngakhale imene ikuoneka yakufa, ndipo asayese ma command a pa intaneti amene sakuwamvetsa, makamaka mark_unfound_lost. Asunge zimene ceph -s, ceph health detail ndi ceph osd tree zikuonetsa, pamodzi ndi ma log ndi nthawi imene chilichonse chinachitika. Wobwera kudzathandiza adzayambira pamenepo.

Woimbiridwayo adziwike lero, zinthu zikadali bwino. Proxmox imagulitsa subscription yowerengedwa pa CPU iliyonse ya seva, ndipo magulu ake apamwamba amalola akatswiri awo kulowa pa makina anu ali kwawo. Amagwira ntchito pa maola a ku Austria, amene miyezi ina amafanana ndi athu, miyezi ina amasiyana ndi ola limodzi lokha, koma usiku ndi kumapeto kwa sabata mudzafunika wina. Mnzanu wopita ku Johannesburg ndiye woyenera, poti cluster anamanga yekha ndipo nthawi ya kumeneko ndi imodzimodzi ndi yathu. Mulembe naye mgwirizano wa miyezi 6, wa maola owerengeka pamwezi ndi mtengo wake, ndipo abwana ake atsopano adziwe. Tsiku lake lomaliza akaunti zake zonse zitsekedwe, mapasiwedi ndi makiyi a SSH, olowera pa maseva uli patali, asinthidwe, ndipo akamafunika azitseguliridwa khomo ndi achinyamatawo kwa nthawi imeneyo yokha, iwo akuona zonse zimene akulemba. Ngati mabwana atakuuzani kuti musankhe chimodzi chaka chino, kosi kapena mgwirizano wa thandizowu, sankhani thandizo, kosi ilowe mu bajeti ya chaka chamawa.